Kwadi Imene Inkazimira Pakhomo pa Delia

Mlamu wanga Hillary Chulu mukamupatsa moni muli panjinga, amayamba wamvetsera tcheni, kenako n'kukuyankhani. "Ndaswera bwino, koma wilo lakumbuyo likulira mafuta." Moni wake ndi umenewo. Anakwatira mlongo wanga Gladys zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo n'kudzakhala pamudzi pathu kuno ku Nsefu monga mkamwini. Ine, Cosmas Mbao, mphunzitsi wopuma ntchito, ndine nkhoswe wa ukwati wawo. Unkhoswewo sindinaupemphe. Unandigwera amalume atamwalira, ndipo monga amanenera, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Hillary anabadwa chaka chimene mtsinje wa Luangwa unasefukira mpaka anthu kukagona pazitunda. Sukulu anailekeza giredi seveni, osati chifukwa cha umbuli, koma chifukwa kuseri kwa kalasi kunali chigayo ndipo khutu lake linkakhala kumeneko tsiku lonse. Anakonzapo njinga zakapalasa pansi pa mtengo ku Mambwe, kenako anagwira ntchito pachigayo zaka khumi ndi chimodzi. Anachokako tsitsi litayera ndi ufa, koma anali atadziwa kulira konse kwa malamba. Ankati lamba wanjala amalira mwina, lamba wonyowa amalira mwina, lamba wokalamba amalira ngati akudandaula za ana ake. Chuma alibe, thupi n'lowonda, mpira saudziwa. Chimene ali nacho ndi khutu lakelo, ndipo amalinyadira kuposa mmene ena amanyadira ng'ombe.

Tsono bungwe lina losamalira nyama zakutchire litabweretsa kwadi, njinga yamoto ya mawilo anayi ija, kuti izithandiza masikauti, alonda a nyama aja, a m'midzi ya dera lino la Lupande, panalibe wotsutsa kuti woyendetsa akhale Hillary. Ntchito yake inali kunyamula tsabola ndi oyilo wakutha kukapereka kwa alimi opaka mipanda yothamangitsira njovu, ndi kukasiya ufa ndi nyemba kumsasa wa masikauti. Kwadiyo inkagona pakhomo pake, pansi pa chisakasa chimene anachimanga bwino kuposa khitchini ya mkazi wake. Gladys anaziona zimenezo.

Za mlongo wangayu ndinene ziwiri. Choyamba, saiwala. Chachiwiri, amadana ndi mavu, aja oumba tinyumba tadothi m'bowo lililonse limene alipeza. Anamutsekerapo mlomo wa ketulo yake ya paukwati, anamatanso dothi m'wailesi mpaka wowerenga nkhani kumamveka ngati ali m'chitsime. Kuyambira pamenepo Gladys amasunga thonje lotsala pokolola m'chitini, ndipo bowo lililonse pakhomo pake limatsekedwa. Loko wa chitseko ali ndi thonje, pampu ya njinga ili ndi thonje. Ine ndikapita kukacheza masana sindiwodzera, chifukwa ndimagona kukamwa kuli yasa.

Kusaiwala kuja kukukhudza mayi wina dzina lake Delia, wamasiye, amene amagulitsa vitumbuwa ndi thobwa m'mbali mwa msewu wopita kumsasa wa masikauti. Kalekale, asanakwatirane, Hillary ananyamula Delia pakaliyala kupita ku msonkhano wa makwaya ku Mambwe. Kamodzi kokha. Gladys tsiku limenelo anayenda wapansi. Pakati pa Hillary ndi Delia sipanakhalepo china chilichonse, ndikhoza kulumbira, koma mlandu suola. Ndiye tsoka lake, dimba la Gladys lili tsidya lina la kamtsinje, moyang'anana ndi khomo la Deliayo.

Vuto linayamba mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti buluzi amayenda akunyamula miyendo. Kwadi inayamba kulira lamba ponyamuka. Kulira kwake kunali ngati nkhumba imene yagwidwa mwendo, kweee, mpaka agalu kuyankha. Zimenezo zokha sizikanavuta. Koma sabata yomweyo inayambanso kuzima panjira. Hillary ankanyamuka pakhomo eiti awazi, eiti koloko m'mawa, injini ikuimba bwinobwino, kudutsa pasukulu, kudutsa pamjigo, kukwera kamtunda. Ikangofika pakhomo pa Delia, inkatsokomola katatu, bwu, bwu, bwu, n'kukhala chete.

Tsiku loyamba palibe anaganiza kanthu. Hillary anatsika, anayang'ana uku ndi uku, natsekula chivindikiro cha thanki kuti aone ngati petulo watha. Thankiyo inapuma, psss, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Petulo analimo wambiri. Delia, poona munthu akuwauka ndi dzuwa pakhomo pake, anatulutsa kampando ndi kapu ya thobwa.

"Mwaswera bwanji a Chulu? Imwani kaye, njinga nayo ipumeko."

Kodi munthu wolera bwino angakane thobwa wapatsidwa ndi manja awiri? Hillary anamwa. Atatha anayesa kuliza, ndipo kwadi inalira nthawi yomweyo ngati sinalakwe kanthu. Ponyamuka, lamba uja analengeza, kweee, kuti tsidya lonse la mtsinje lidziwe kuti a Chulu tsopano akuchoka kwa Delia. Gladys anaweramuka m'dimba, khasu lili m'manja.

Tsiku lachiwiri zinachitika chimodzimodzi. Lachitatunso. Pofika Lachisanu, Gladys anali atasiya kuweramuka, ankangolima mwamphamvu moti mbatata zinkatuluka zili zidutswa.

"Awisi Purity," anamufunsa tsiku lina akumupatsa madzi osamba m'manja. Purity ndi mwana wawo woyamba. "Njinga yanuyi imamwa petulo kapena thobwa?"

"Imazima yokha, anyina Purity. Ndipo si pamenepo pokha. Imazimanso kutsogolo, padambo paja pali mtengo wa muchenja."

Zinali zoona. Ikachoka kwa Delia inkayenda mtunda wofanana ndi woyamba uja n'kuzimanso pakati pa tchire. Koma kumeneko mboni zinali anyani okha, ndipo Gladys anati akadzabwera anyaniwo kudzanena pamaso pake adzakhulupirira.

Hillary anayamba ndi lamba, chifukwa ndiye amene ankamuulula. Anatsekula chivindikiro cha m'mbali mwa injini napezamo fumbi lokwana kudzalamo fodya. Anapukuta, natseka, koma lamba analirabe. Apa m'pamene nzeru za kuchigayo zinamusokeretsa. Kuchigayo lamba akamaterereka ankamupaka sopo kapena madzi a shuga kuti agwire. Anapaka sopo wa Gladys wochapira. Lamba anakhala chete theka la tsiku, kenako anayamba kulira mawu awiri nthawi imodzi. Anapaka madzi a shuga. Kutacha anapeza nyerere za Nsefu yense zitasonkhana mu injini, ndipo ulendo wa tsiku limenelo anauyenda ataimirira, akudzimenya m'ntchafu. Anafika kwa Delia akuvina, kwadi n'kuzima. Anthu a pamjigo anaona munthu akuvina pakhomo pa mkazi wamasiye eiti koloko m'mawa, ndipo nkhaniyo inafika kwathu iye asanabwerere.

Mapeto ake anadzichepetsa n'kuimbira foni Given, makaniko wa pa galaja ina ku Mfuwe. Ndinalipo. Hillary anaika foni pafupi ndi lamba, nakoka moto, kweee.

"Bwana, mwapakapo chiyani?" anafunsa Given.

"Kasopo pang'ono."

"Ndi chiyaninso?"

"Kashuga."

Given anaseka mpaka ndinamva sipanala ikugwa pansi kumene anali. Atapuma anati lamba wa kwadi si wa chigayo, safuna kupakidwa chilichonse, amafuna pouma ndi poyera. Anati amuchotse amuyang'ane m'mbali. Ngati mwasalala n'kumawala, ndiponso wachepa m'lifupi, ndiye kuti wapsa chifukwa chokoka katundu wolemera mumchenga pa giya yothamangira. Anati agule wina, mapule amene lambayo amazungulirapo awatsuke n'kuwakwecha pang'ono ndi sandipepa, ndipo akakhala ndi matumba a ufa mumchenga aziika giya yotsika.

Lamba watsopano anabwera pa basi patatha masiku anayi. Hillary anamuika mwaulemu ngati akuveka mwana malaya a ubatizo. Kwadi inanyamuka mwakachetechete, fuuu, agalu osadziwa n'komwe. Mlamu wanga anabwerako nkhope ikuwala, akuganiza kuti theka la mlandu latha.

Anapeza Gladys ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Ndaona. Mwaitseka pakamwa kuti ndisamamve mukamachoka kumeneko."

Pakuti kuzima kuja sikunasiye. Hillary anasintha pulagi. Anatsuka fyuluta ya mpweya n'kuiyanika pachingwe pakati pa madiresi a Gladys. Anasefa petulo ndi sokisi yake ya kutchalitchi. Anamasula kabuleta yonse n'kuyala tizitsulo take palichero, ndipo nkhuku ina yathazi inabwera n'kumeza kasikuluwu kamodzi kowala. Masiku awiri mkulu wa zaka makumi asanu anayenda pambuyo pa nkhuku ndi kamtengo, akufufuza chilichonse chimene yasiya. Kasikuluwuko anakapeza, anakatsuka, anakabwezera. Pakhomo kwadi inkalira bwino, teni minitsi yathunthu osatsokomola. Panjira, pakhomo pa Delia, bwu, bwu, bwu.

Anayesa kudutsapo ndi liwiro, inazima momwemo n'kutsetsereka mpaka pafupi ndi tebulo la vitumbuwa. Anayesa kuikankha kuti ikazimire patsogolo, koma pamenepo pali kamtunda, ndipo kwadi si njinga yakapalasa. Delia, mtima wake wabwinowo, anabwera kudzathandiza kukankha. Anthu anawaona awiriwo atagundana mapewa, akupuma wefuwefu. Njira ina yopita kumsasa ilipo, koma mwezi umenewo mango anali atayamba kupsa ndipo njovu zinali zitaitenga njirayo kukhala yawo.

Anthu anayamba kupereka nzeru zaulere. Ena ankati Delia anakwirira mankhwala mumsewu. Ena ankati mankhwala safunika, dzanja la mwamuna limadziwa lokha pozimitsira. Mayi wina wa mumvano anandiimitsa potuluka m'tchalitchi n'kundiuza kuti ndikamukumbutse mlamu wanga kuti mapanga awiri avumbwitsa. Hillary anaonda, munthu woonda kale. Ine ndinkaseka ndithu, sindikana, koma nditaona kuti wasiya kumvetsera tcheni cha njinga yanga ndikamupatsa moni, ndinayamba kuda nkhawa.

Lachinayi lina Gladys anabwera kwanga atavala duku lake la milandu.

"Alongosi, munthu uja ndatopa naye. Mudzi uno ndi wathu. Ngati mtima wake uli kwa Delia, atenge bulangeti lake akakhale konko, asamavutitse njinga ya eni ake."

Ndinayesa kumuzizitsa. Ndinati makina ali ndi matenda awo. Iye anati chabwino, tikawaone matendawo ndi maso. Loweruka tikwere tonse, iye, ine, ndi nkhoswe wa kuchimuna. Ikakazima pakhomo pa Delia iye ali pomwepo, adzapepesa. Ikakapanda kuzima, ndiye kuti imazimitsidwa ndi munthu. Hillary atamva anasangalala ngati wapatsidwa mbuzi. Mwezi wathunthu kwadiyo inali isanaphonyepo tsiku.

Loweruka ndinafika msanga. Ndinapeza Gladys akuitsuka kwadi ndi madzi a sopo, pakuti mlongo wanga ngakhale akupita kukathetsa ukwati sangakwere chinthu chafumbi. Atandiona anataya madzi msangamsanga n'kukavala. Nkhoswe wa kuchimuna, a Simon, anaizungulira kwadi kawiri n'kunena kuti chinthu cha miyendo inayi chopanda mchira iwo sachikhulupirira, adikira pansi pa mango. Tinakwera atatu. Hillary kutsogolo, Gladys pambuyo pake atakhala chammbali osamukhudza, ine pakaliyala pamene pamakhala matumba a nyemba.

Tinadutsa pasukulu. Tinadutsa pamjigo, amayi onse atasiya kupopa. Tinayamba kukwera kamtunda kaja, ndipo ndinamva Hillary akunong'oneza njinga yake.

"Apa. Apa tsopano, mayi. Tsokomola."

Kwadi inaimba. Sinaimbepo bwino chotero chibwerere ku Nsefu. Hillary anachepetsa moto mpaka tinkayenda ngati tikuperekeza maliro, koma injini inkangoti du, du, du, yathanzi ngati mwana wa ng'ombe. Ndipo m'mbali mwa msewu munali mutaima Delia, kampando kali kale panja, kapu ya thobwa ili m'manja, pakuti anali atazolowera nthawi yake. Atationa atatu anayesa kubisa kapuyo kumbuyo, thobwa n'kumukhuthukira pachitenje.

Tinafika mpaka padambo la anyani osazima. Tinatembenuka, tinadutsanso pa Delia osazima. Panjira yonse Gladys ankangoyang'ana kutchire. Ndikanakonda akanalalata. Titafika analowa m'nyumba, natulutsa bulangeti, bokosi la masipanala ndi nsapato za kutchalitchi, naziika pakhonde mwadongosolo. Kenako anati ankhoswe akhale pansi Lolemba, nkhani ithe.

Hillary anagona kwanga masiku awiri. Sankadya. Lamulungu masana anandiuza kuti, "Alamu, makina sanama. Zaka zonsezi sanandinamizepo. Nanga uyu wandichitiranji zotere?" Ndinamumvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinaona kuti munthuyu wataya zinthu ziwiri tsiku limodzi, mkazi ndi khutu lake, ndipo sankadziwa kuti alire chiti. Anati Lolemba m'mawa, milandu isanayambe, akabweza kwadi kwa eni ake n'kusiya ntchito. Mwina Gladys akaona kuti njinga yapita adzamusiya akhale.

Lolemba dzuwa litangotuluka tinapita kukaitenga. Titakhota pankhokwe tinaima. Pansi pa chisakasa panali Gladys, atatipatsa msana, chitini chake cha thonje chili pampando wa kwadi. Pachivindikiro cha thanki pamachoka kapaipi kakang'ono kakuda kamene kamatsikira m'kati mwa chiwongolero, kosaoneka kumene kathera. Gladys anali atakasolola kapaipiko, ndipo ankakankhiramo thonje loyera ndi kamtengo ka machesi, mosamala, akufwenthera.

"Anyina Purity," anatero Hillary ndi mawu aang'ono. "Mukutani?"

Gladys anadzidzimuka, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Musaganize kuti ndakhululuka. Ndikungotseka mavu. Kumene mukupitako kulibe amene adzakuonereni zimenezi, ndipo sindifuna anthu azidzati mkazi wake uja sankasamala katundu."

"Munayamba liti kutseka pamenepo?"

"Sabata imene munayamba zanuzi. Ndinaona vu likulowamo ndi dothi kukamwa. Inu ndi khutu lanulo simunalione."

"Nanga Loweruka?"

"Loweruka ndinachotsa lakale potsuka, linali litada. Alongosi anafika msanga, ndinaiwala kuikamo lina. Bwanji kodi? Thonje ndi langa, si la bungwe."

Hillary anakhala pansi pa dothi. Ndinaganiza kuti wakomoka, koma ankangoyang'ana kapaipiko ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake amene anamva kuti anafa. Kenako anadzuka, natenga botolo la madzi limene Gladys amapita nalo kudimba, namupatsa.

"Imwani, koma mlomo wonse wa botolo ukhale m'kamwa. Musasiye mpata."

Gladys anamuyang'ana ngati wapenga, koma anamwa. Anameza katatu, botolo linafinyika, madzi anasiya kutuluka. Atachotsa pakamwa botololo linapuma, psss.

"Thanki nayo imapuma," anatero Hillary. "Mphuno yake ndi kapaipi aka. Mukakatseka, petulo amatsika pang'onopang'ono mpaka amakanika. Kuchokera pano, mpweya umaithera pakhomo pa Delia. Ndikatsekula chivindikiro kuti ndione petulo, imapuma, n'kuyendanso mpaka kwa anyani."

Ndinaona nkhope ya mlongo wanga ikusintha pang'onopang'ono. Anayang'ana botolo, anayang'ana thonje, anayang'ana bulangeti limene linali likadali pakhonde. Kenako nayenso anakhala pansi. Ine ndinalimbana ndi chiseko, koma nditamuyang'anitsitsa chinandithera. Gladys anali atauza amayi onse a pamjigo. Anali atauza a mumvano. Anali atasiya kupereka moni kwa mkazi wamasiye wosalakwa. Kuno kwathu nkhani yotere siifa, ana a ana ake akanadzakula akutchedwa zidzukulu za mayi uja anatseka njinga mphuno.

"Adzandiseka mpaka kumanda," ananong'ona.

Hillary anasolola thonje lija, naliika m'thumba la shati. Kenako anapita kuseri kwa khitchini, nathyola kanyumba ka mavu kamene kanali pakhoma, nakafumbata.

Naini awazi anthu anali atadzaza pansi pa mango, oitanidwa ndi osaitanidwa omwe. A Simon anatsegula nkhani, ine ndinayankha monga mwa mwambo, kenako Hillary anapempha kulankhula. Anaimirira, natambasula dzanja.

"Wolakwa ndi uyu. Mavu anamata dothi m'kapaipi kopumira thanki. Loweruka madzi otsukira analisungunula, n'chifukwa chake sinazime. Akazi anga ndi amene aona zimenezi lero m'mawa. Ine mwezi wathunthu ndamasula injini yonse, ndathamangitsa nkhuku, osaona kanthu."

Mudzi wonse unaphulika ndi chiseko. Hillary Chulu, katswiri wa khutu, munthu amene amadziwa matenda a njinga ili kutsidya la mtsinje, wagonja kwa kachilombo kochepa ngati chala! A Simon anaseka mpaka kutsamwa fodya. Wina anafuula kuti bungwe lichotse Hillary lilembe mavuwo ntchito. Iye anangoima pamenepo dothi lili m'manja, akumwetulira ngati munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi. Gladys anali atazolika, akukumba pansi ndi chala.

Ine monga nkhoswe ndinagamula kuti mavu ndi olakwa, koma popeza sanabwere pamlandu, nkhani yatha. Bulangeti linabwerera m'nyumba. Madzulo ake Gladys anapha nkhuku ija inameza sikuluwu, theka anaphikira mwamuna wake, theka anapita nalo yekha kwa Delia. Zimene anakambirana akazi awiriwo sindizidziwa, koma anatenga nthawi, ndipo Gladys anabwerako ndi vitumbuwa. Kukamwa kwa kapaipi kaja anamangako kachidutswa ka neti ya udzudzu, koti mpweya uzilowa koma vu ayi. Kwadi sinazimenso.

Dzina lokha ndi limene linatsala. Papita zaka ziwiri, ndipo kuyambira ku Nsefu mpaka ku Mambwe palibe amene amati a Chulu. Onse amati a Mavu. Ana a sukulu akamuona amalira ngati mavu, zzz. Munthu akabwera ndi njinga yoti akonze, amayamba wamufunsa ngati wayang'ana kale m'mabowo. Ena anasiya n'kubwera komwe, amapita kwa wina amene sadziwa kusiyanitsa kulira kwa tcheni ndi kwa nkhanga. Hillary amayankha dzinalo bwinobwino, koma ine ndimamudziwa, limamulasa.

Ndinamufunsapo tsiku lina tili awiri kuti bwanji osangonena zoona, nkhani inazizira kale.

"Alamu," anatero akupukuta sipanala, "mkazi woti wakutulutsira bulangeti panja, patangopita masiku awiri n'kumalira akukutsekera mavu, ungamupereke kwa amayi a pamjigo?"

Ndiye mwina mukudabwa kuti ine nkhoswe, wosunga zinsinsi, ndikuululiranji. Sabata yatha Gladys anabwera kwanga atavala duku lija la milandu. Anali atamva kamdzukulu kawo, kamwana ka Purity kamene kakuphunzira kumene kulankhula, kakuitana agogo ake kuti a Mavu. Anaika patebulo panga kope latsopano ndi bolopeni, pamodzi ndi kathonje kaja, kamene anakapeza m'bokosi la masipanala katakulungidwa bwino m'pepala.

"Alongosi, inu munali aphunzitsi," anatero. "Lembani kuti linali thonje langa. Mukatha mundipatse, ndikawawerengera ndekha pamjigo."